Mverani mawu a khanda lanu lisanafike miyezi 10

Kusikelo timayeza kulemera kwa mwana, timaona katemera, n'kulemba m'buku lake. Funso limene ndimafuna kuti mayi aliyense kuno ku Mulanje azindiyankha ndi ili: kodi mwanayu akutulutsa mawu otani masiku ano?

Khanda la miyezi 2 limayamba kutulutsa timawu tofewa, "aaa" kapena "uuu", makamaka likakhuta. Pofika miyezi 4 limaseka mokweza, kukuwa, kusewera ndi malovu. Zonsezi n'zokondweretsa, koma sizitiuza zambiri za makutu, chifukwa ngakhale mwana wosamva amazichita.

Kusintha kwenikweni kumabwera pakati pa miyezi 6 ndi 10. Mwana amayamba kutseka ndi kutsegula milomo motsatizana: "ba-ba-ba", "ma-ma-ma", "da-da-da". Abambo amasangalala kuti wawaitana, ndipo asangalale ndithu, ngakhale tanthauzo limadza pambuyo, cha kumapeto kwa chaka choyamba. Kuti afike pamenepa, mwana amayenera kumva anthu akulankhula, n'kumadzimvanso yekha, n'kumakonza lilime ndi milomo kuti zifanane ndi zimene wamva. N'chifukwa chake mwana amene ali ndi vuto lalikulu la kumva amachedwa kufika pa "ba-ba". Kenaka mwana amene akumva bwino amasakaniza, "ba-da-gu", mawu akukwera ndi kutsika ngati akukufunsani kanthu.

Mwana amene wakwanitsa miyezi 10 osayamba zimenezi, kapena amene ankatero n'kusiyiratu, mupite naye kuchipatala. Zimandipweteka ndikamva akumuyamikira kuti "ndi wofatsa, savuta" pamene mwina sakumva. Chenjerani kwambiri ngati anadwalapo malungo a mu ubongo, matenda oumitsa khosi, chikasu chachikulu atangobadwa, kapena ngati m'khutu mumatuluka mafinya. Musathiremo mafuta kapena madzi a masamba.

Kuchepetsa phokoso kwa masiku ochepa, monga pamene akudwala chimfine, si nkhani. Ndipo ngati agogo amamulankhula Chilomwe inu mukumulankhula Chichewa, apitirize. Zinenero ziwiri sizichedwetsa mwana.

Amayi ambiri amalawirira ku minda ya tiyi kapena kumsika ku Chitakale, mwana ali kumsana kapena wasiyidwa ndi achemwali ake. Kumsana amamva mawu anu koma saona pakamwa panu. Choncho pomuyamwitsa ndi pomusambitsa muyang'anizane naye. Akati "ba", inunso muti "ba", mudikire ayankhe. Wailesi ndi foni sizidikira mwana, n'chifukwa chake sizingalowe m'malo mwanu. Auzeni zimenezi onse amene amatsala naye.

Mukakayikira, uzani mlangizi wa zaumoyo wa m'mudzi mwanu kapena namwino wa kusikelo. Akhoza kuona m'khutu, ndipo ngati pakufunika kuyeza kumva ndi makina, amakutumizani kuchipatala chachikulu cha Queen Elizabeth ku Blantyre. Khanda limayezedwa ngakhale lili mtulo, sipafunika kudikira kuti likule.