TikTok ndi ya yani? Mbiri ya mkangano wa ku America

Amene anayamba kufuna kutseka TikTok ku America ndi Donald Trump, mu 2020. Amene anaiteteza kuti isatsekedwe mu 2025 ndi Trump yemweyo. Joe Biden, amene anafafaniza malamulo a Trump mu 2021, ndiye anadzasainira lamulo loopseza kuitseka mu 2024, uku anyamata ake okopa anthu akuponya mavidiyo pa TikTok pomwepo. Onsewa ankati akuteteza dziko, popeza mwini wa TikTok inali kampani ya ku China. Koma mukayala masiku a nkhaniyi pambali pa masiku a chisankho, muona kuti maganizo a atsogoleriwa ankatembenukira komwe kuli mavoti.

Funso loti mlendo angakhale mwini wa chida cholankhulira ku mtundu wonse ndi lakale kwambiri ku America. Linayamba ndi wailesi. Lamulo la 1912 linati chiphaso cha wailesi chiziperekedwa kwa nzika kapena kwa kampani yolembetsedwa m'dzikomo basi. Nkhondo yoyamba ya dziko lonse itatha, akuluakulu a asilikali a pamadzi anada nkhawa poona kuti kampani ya Marconi, yomwe mizu yake inali ku Britain, ndiyo inali ndi mphamvu pa mauthenga odutsa nyanja. Ananyengerera General Electric kuti igule nthambi ya Marconi ya ku America, ndipo mu 1919 kunabadwa kampani ya RCA. Lamulo la 1934 linamanga mfundo: alendo asakhale ndi magawo opitirira 20 pa 100 alionse mu kampani yokhala ndi chiphaso choulutsira mawu. N'chifukwa chake Rupert Murdoch, mbadwa ya ku Australia, anachita kulumbira kukhala nzika ya America mu 1985 kuti agule nyumba za kanema zomwe zinadzakhala maziko a Fox. Nambala ya 20 ija muisunge, ibweranso.

Intaneti itafika, malamulowa sanaikhudze, ndipo panalibe wodandaula, chifukwa makampani onse akuluakulu anali a ku America komweko. Mayiko ena ndiwo ankalira. China anatseka Facebook mu 2009, Google inachotsa ntchito yake yofufuzira m'dzikomo mu 2010, ndipo Washington inkadzudzula kuti kumeneko n'kutseka anthu pakamwa. Palibe ankaganiza kuti tsiku lina ana a ku Ohio ndi ku Texas azidzagonera pa pulogalamu yopangidwa ku Beijing.

Zhang Yiming anayambitsa kampani ya ByteDance ku Beijing mu 2012. Mu 2016 anatulutsa Douyin ya anthu a ku China, chaka chotsatira n'kutulutsa TikTok ya kunja. Khomo lolowera ku America analipeza mu Novembala 2017 pogula Musical.ly, pulogalamu yobadwira ku Shanghai koma yokondedwa ndi ana a ku America, pa mtengo wofika pafupifupi madola 1 biliyoni. Mu Ogasiti 2018 anaphatikiza ziwirizo. Chuma chenicheni cha TikTok si mavidiyo ayi, koma algorithm, njira imene kompyuta imasankhira chokuonetsani. Imayang'ana vidiyo imene mwaichedwerapo, imene mwaibwereza, imene mwaidumpha, ndipo pakangopita nthawi pang'ono imakhala itadziwa mtima wanu. Simufunika kukhala ndi anzanu kapena kutsatira aliyense. Apa ndi pomwe panagona mantha: wogwira algorithm angathe kukweza nkhani ina n'kukwirira ina popanda woona. Kuwonjezera apo, lamulo la China la 2017 limati mabungwe ndi nzika ayenera kuthandiza ntchito za ukazitape za boma.

Pofika kumapeto kwa 2019, CFIUS, komiti younika alendo ogula makampani a ku America, yomwe anakhazikitsa pulezidenti Gerald Ford mu 1975, inayamba kufufuza kugulidwa kwa Musical.ly. Komitiyi inali italamula kale kampani ina ya ku China kuti igulitse Grindr, pulogalamu yopezerapo zibwenzi. Mark Zuckerberg wa Facebook naye anadzudzula TikTok poyera mu Okutobala chaka chomwecho. Uyu sitingamuwerenge ngati mboni, popeza ndiye anali kulandidwa makasitomala.

Kenako kunabwera chaka cha chisankho. Pa 20 Juni 2020 Trump anachititsa msonkhano ku Tulsa. Omuyendetsera kampeni anali atadzitama kuti anthu 1 miliyoni apempha matikiti, koma m'bwalo lokwana anthu pafupifupi 19,000 munalowa anthu ongopitirira pang'ono 6,000. Achinyamata a pa TikTok anati ndiwo anachita chipongwecho polembetsa matikiti opanda cholinga chopitako. Mliri wa korona nawo unali pachimake, choncho mipando ikanatha kusowa anthu ngakhale popanda iwo. Patangopita masiku 9, India anatseka TikTok pamodzi ndi mapulogalamu ena 58 asilikali ake atamenyana ndi a China kumalire. Pa 6 Ogasiti Trump anasaina lamulo loletsa kuchita malonda ndi ByteDance, pa 14 Ogasiti lina loti igulitse bizinesi yake ya ku America m'masiku 90. Ananenanso mosabisa kuti thumba la boma lilandireko gawo la ndalama za malondawo, ngati kuti boma ndi dobadoba wapamsika. Microsoft inafuna kugula, kenako kunatulukira Oracle, kampani ya zamakompyuta, ndi Walmart, kampani ya masitolo.

Beijing inayankha mwakachetechete. Pa 28 Ogasiti inaika luso la mtundu wa algorithm imeneyi pa mndandanda wa zinthu zosagulitsidwa kunja popanda chilolezo cha boma. Kuyambira tsiku limenelo katundu mmodzi anakhala ndi maboma awiri omulondera, lina likuti gulitsa, lina likuti usayerekeze. Oweruza awiri, Carl Nichols ku Washington ndi Wendy Beetlestone ku Pennsylvania, anapereka ziletso ponena kuti lamulo la 1977 lomwe Trump anadalira silipatsa pulezidenti mphamvu yotseka njira za mauthenga. Trump anagonja pa chisankho, nkhani n'kuzizira. Biden anafafaniza chiletsocho mu Juni 2021.

TikTok inayesa kugula mtendere ndi Project Texas, ntchito ya madola 1.5 biliyoni yosungira zinsinsi za anthu a ku America m'makompyuta a Oracle. Inadziwonongera yokha. Mu Disembala 2022 ByteDance inavomera kuti antchito ake ena anasuzumira zinsinsi za atolankhani pofuna kupeza amene ankatulutsa nkhani za m'kampanimo. Mwezi womwewo TikTok inaletsedwa m'mafoni a boma. Mu Malichi 2023 mkulu wake, Shou Zi Chew wa ku Singapore, anapanikizidwa ndi aphungu kwa maola pafupifupi asanu. Chigawo cha Montana chinayesa kuitseka pachokha, khoti n'kukana.

Nanga mwini wake ndani kwenikweni? Malinga ndi kampaniyo, magawo pafupifupi 60 pa 100 a ByteDance anali m'manja mwa makampani oika ndalama a m'mayiko osiyanasiyana, ena mwa iwo a ku America monga General Atlantic ndi Susquehanna. Magawo 20 anali a oyambitsa, 20 ena a antchito. Otsutsa ankati masheya si ulamuliro: mainjiniya ambiri a algorithm ali ku China, ndipo boma la China lili ndi kagawo ka 1 pa 100 mu nthambi ya ku Beijing komwe kamabwera ndi mpando m'bungwe loyendetsa. Mbali zonse ziwiri zinkanena zoona. Chimene anthu ambiri sanachiganizire n'chakuti kutseka TikTok kukanawotcha matumba a anthu olemera a ku America komweko. Mmodzi mwa iwo ndi Jeff Yass wa Susquehanna, kampani yokhala ndi magawo pafupifupi 15 pa 100, yemwe ndi mmodzi mwa opereka ndalama zambiri kwa andale a mbali ya Republican.

Chaka cha 2024 ndiye chinavundukula zonse. Nkhondo ya ku Gaza inali itakwiyitsa aphungu ena, amene ankati TikTok ikukankhira achinyamata kumbali ya Palestine. Mike Gallagher wa Republican ndi Raja Krishnamoorthi wa Democrat anabweretsa bilu yoti ByteDance igulitse, apo ayi Apple ndi Google zichotse pulogalamuyo, ndipo wonyozera alipire madola 5,000 pa munthu aliyense woigwiritsa ntchito. TikTok inachita zopusa: inatumiza uthenga kwa anthu ake kuti aimbire aphungu. Mafoni analira tsiku lonse, ena oimba ali ana asukulu, ndipo aphunguwo anati onani, izi ndi zimene tikunena. Komiti ya aphungu inavota 50 kwa 0. Pa 13 Malichi nyumba ya malamulo ya House of Representatives inavomereza 352 kwa 65. Ku nyumba inzake ya Senate biluyo inadutsa 79 kwa 18 itamangidwa mtolo umodzi ndi thandizo la madola 95 biliyoni lopita ku Ukraine, Israel ndi Taiwan. Biden anasaina pa 24 Epulo. Malire a umwini wa dziko lotchedwa mdani anaikidwa pa magawo 20 pa 100, monga zinalili ndi wailesi zaka 90 m'mbuyomo.

Taonani tsiku lomaliza limene anasankha: 19 Januwale 2025. Bilu yoyamba inapereka masiku 180, amene akanathera chisankho cha mu Novembala chisanachitike. Anawatalikitsa kufika 270. Palibe chipani chimene chinafuna kuti anthu 170 miliyoni ogwiritsa ntchito TikTok ku America afike pa chisankho atangolandidwa chidole chawo. Kampeni ya Biden inali itatsegula akaunti yake mu Febuluwale, ndipo inaisunga ngakhale bwana atasaina. Mapanga awiri avumbwitsa: achinyamata anamuona ngati wotseka, osamuona ngati mnzawo.

Trump anaona mpata. Kumayambiriro kwa Malichi, masiku ochepa atakumana ndi Yass pa msonkhano wa bungwe la Club for Growth, anayamba kunena kuti kutseka TikTok n'kunenepetsa Facebook, yomwe anaitcha mdani wa anthu. Iye anati za TikTok sanakambirane ndi Yass. Chidani chake ndi Facebook chinali ndi chifukwa chake, popeza inamutsekera akaunti mu Januwale 2021. Mu Juni analowa TikTok, anthu mamiliyoni n'kumutsatira m'masiku ochepa, ndipo anayamba kuuza ovota kuti ofuna kupulumutsa TikTok avotere iye. Kamala Harris naye analowa mu Julayi. Atapambana, Trump anati achinyamata anamuvotera mwaunyinji chifukwa cha TikTok. Kafukufuku wa ovota anaonetsa Harris akutsogolabe pakati pa osakwana zaka 30, kungoti mpata unachepa poyerekeza ndi 2020.

M'khoti, TikTok inadandaula zinthu zingapo. Inati lamulolo likuphwanya ufulu wolankhula, likulanga kampani imodzi poitchula dzina popanda mlandu, komanso likulanda katundu popanda chipukuta misozi. Anthu asanu ndi atatu opanga mavidiyo, kuphatikizapo mlimi wa ng'ombe wa ku Texas, anasumanso, maloya awo akulipidwa ndi TikTok. Anali ndi pogwira: mu 1965 Khoti Lalikulu linagamula kuti nzika ili ndi ufulu wolandira ngakhale mabuku okopa anthu ochokera kumayiko a chikomyunizimu popanda kukalembetsa ku positi. Boma linavomera kuti linalibe umboni woti China inalamulapo kale TikTok kupotoza zimene anthu a ku America amaona. Linkaopa za mawa. Pa za katundu, khoti la apilo linati palibe walandidwa kanthu, popeza mwini akhoza kugulitsa. Yankho limeneli ine silindifika pamtima, chifukwa wogulitsa atamuikira tsiku ndiponso kumusankhira ogula sanena mtengo. Komabe pa 17 Januwale 2025 oweruza onse asanu ndi anayi a Khoti Lalikulu anavomereza lamulolo, atatsamira pa nkhani ya zinsinsi za anthu.

Usiku wa pa 18 Januwale TikTok inazima ku America. Ambiri anali atathamangira kale ku RedNote, pulogalamu ina ya ku China komweko, pofuna kunyoza boma. Patapita maola pafupifupi 14 inayakanso, ndi uthenga wothokoza Trump, amene anali asanalumbire n'komwe. Pa 20 Januwale Chew anakhala pakati pa alendo olemekezeka pa mwambo wolumbiritsa, ndipo tsiku lomwelo Trump analamula kuti lamulolo lisagwiritsidwe ntchito kwa masiku 75. Lamulolo linkalola kuwonjezera kamodzi kokha, masiku osapitirira 90, pakakhala umboni woti malonda ali pafupi. Iye anawonjezeranso mu Epulo, mu Juni ndi mu Seputembala. Aphungu aja 352 anangoti zii, kupatula ochepa. Chimene chinali ngozi yosadikira mu Malichi 2024 chinasanduka chinthu chokambirana pamodzi ndi misonkho ya katundu: mgwirizano umene unatsala pang'ono kutheka mu Epulo unagwa Trump atakwezera China misonkho, n'kudzatsitsimuka pa zokambirana za mayiko awiriwa ku Madrid mu Seputembala.

Pa 25 Seputembala 2025 Trump anasaina kuvomereza malondawo, ndipo wachiwiri wake JD Vance anati kampani yatsopanoyo ndi ya madola 14 biliyoni, mtengo umene akatswiri ambiri a zamalonda anati ndi wotsika kwambiri. Zonse zinatsirizika mu Januwale 2026. Oracle ya Larry Ellison, bwenzi la Trump, inatenga magawo 15 pa 100 ndi udindo woyang'anira chitetezo. Kampani yoika ndalama ya Silver Lake inatenga 15, ndipo MGX, kampani ya ku Abu Dhabi, yomwenso ndi ya alendo, inatenga 15. Ena mwa amene anali kale ndi masheya mu ByteDance analowanso. Algorithm sanaigule, anabwereka kope lake kwa ByteDance kuti aliphunzitsenso ndi zochita za anthu a ku America okhaokha. Opanga mavidiyo aja, amene anaimba mafoni ndi kupita kukhoti, sanapatsidwe sheya ngakhale imodzi. TikTok ya kunja kwa America, kuphatikizapo imene ili m'mafoni a ku Lilongwe ndi ku Lusaka, idakali ya ByteDance, ndipo mu kampani ya ku America ByteDance inatsala ndi magawo 19.9 pa 100.