Musasiye mankhwala a BP chifukwa cha kolesterolo

Ndatopa nalo funso ili: "Adokotala, si mapilisi anu a BP aja akundiwonjezera mafuta m'magazi?" Ena amawonjezeradi, sindikana, koma ndi pang'ono zedi.

HCT (hydrochlorothiazide), mankhwala a BP amene timapereka kwambiri m'zipatala zathu, amatha kukweza kolesterolo woipa, LDL, komanso ma triglyceride, mtundu wina wa mafuta a m'magazi, makamaka pa mlingo wa 50 mg kapena kuposa umene unkaperekedwa kale. Lero timapereka 12.5 kapena 25 mg, ndipo kusintha kwake n'kochepa. Atenolol ndi propranolol amakweza ma triglyceride n'kutsitsako HDL, wabwino uja. Amlodipine, enalapril ndi losartan alibe nawo mlandu mafutawa. Pa kafukufuku wa ALLHAT, amene anaunika anthu oposa 33,000 ndipo zotsatira zake zinatuluka mu 2002, omwa chlorthalidone, m'bale wake wa HCT, kolesterolo wawo anakwererako kusiyana ndi wa anzawo, koma sanadwale mtima kuposa omwa amlodipine kapena lisinopril.

Chimene chimandisowetsa tulo ndi mayi wina wogulitsa kaunjika. Anabwera ndi pepala la ku labu, nambala ya kolesterolo ataizunguliza ndi bolopeni yofiira. Ndinawafotokozera mothamanga, panja mzere uli tantha, iwo n'kungoti "Chabwino adokotala." Sindinawafunse ngati amvetsa. Kunyumba mwana wawo anawagulira botolo la "mankhwala otsuka magazi" kwa munthu wa pa WhatsApp, basi mayiwo n'kusiyiratu HCT ndi atenolol yemwe tsiku lomwelo. Patatha miyezi iwiri anabwera atanyamulidwa, kukamwa kutapotoka, dzanja lamanja lili lende, BP ili pa 210/120. Botolo lija linali m'chikwama mwawo, lopanda ngakhale dzina la wopanga. Pamene sitiroko inkayamba, abale anayamba awathira madzi ndi kuwapaka mafuta usiku wonse, kuchipatala n'kufika kutacha.

Atenolol sasiyidwa mwadzidzidzi: mtima umathamanga, BP n'kulumpha. Ndipo ogulitsa zotsuka magaziwo sadzabwera kudzakusambitsani mukafa ziwalo.

Nambala ikakwera, bwerani nalo pepalalo pamodzi ndi mapaketi onse amene mukumwa. Titha kutsitsa mlingo, kusintha mtundu, kapena kuwonjezera statin, mankhwala otsitsa kolesterolo monga simvastatin. Mapaketiwo timawafuna chifukwa amene akumwa amlodipine sayenera kupitirira 20 mg ya simvastatin patsiku, kuopa kuwononga minofu.