Zoyala m'khola la njoka yoweta

Mayi wina anandibweretsera nsato yawo ya mtundu wa ball python ataimanga m'thumba la pilo. Nditaitembenuza ndinapeza mamba a kumimba atafiira, ena atapindika m'mphepete, ndipo cha kumchira kunali timatuza. Anandionetsa chithunzi cha khola pafoni. Kukongola kwake kunalibe chokayikitsa: makoko a kokonati opera bwino ngati dothi lakudimba, timitengo, ndele wobiriwira. Koma poopa kuti njoka ingaume khungu, mayiwo ankathira madzi m'mawa ndi madzulo, moti inkagona pamatope usana ndi usiku. Nthendayi pa Chingerezi amati scale rot, ndipo kawirikawiri imayambira pa zoyala zonyowa kapena zauve.

Kwathu njoka ikaoneka pakhomo timathamangira ndodo, koma abale athu a ku Johannesburg ndi ku Britain amazipeza zikuwetedwa m'nyumba zomwe amagwirako ntchito, ndipo ena ayamba kuweta okha. Onsewa amafuna khola looneka ngati kutchire. Inenso ndimalikonda lotero, bola tikumbukire kuti njoka ilibe miyendo yoikweza pamwamba. Mimba yake yonse imakhudza pansi, mphuno zake zimanunkhiza pansi pomwepo, ndipo ikamameza mbewa imamezera limodzi zonse zomwe zamatirira ku ubweya.

Yambani mwafunsa kwawo kwa njokayo. Ball python imachokera kumayiko monga Ghana, Togo ndi Benin, komwe imaswera m'una wa mbewa kapena m'chulu chakale. M'menemo mpweya umakhala wachinyezi koma pogona pamakhala pouma. Zimenezi ndi zomwe tikufuna kutengera, chinyezi cha maperesenti 60 mpaka 70 mumpweya popanda chithaphwi pansi. Makoko a kokonati oduladula, okhala ngati timiyala, amachita bwino ntchitoyi. Muwayale mokhuthala masentimita 7 mpaka 10, madzi muzithira m'makona kuti anyowe kunsi, pamwamba pazikhala pouma. Tapani dzanja limodzi n'kufinya. Akadontha madzi ndiye kuti mwapyola muyezo. Kachipangizo koyezera chinyezi kotchedwa hygrometer sikadula, ndipo kamaposa kungoganizira.

Corn snake, ya kumwera chakum'mawa kwa United States, siifuna chinyezi chochuluka choncho. Mapalepale a mtengo wa aspen amaiyenera chifukwa imakonda kufukula tinjira n'kubisalamo. Vuto la aspen ndi lakuti akanyowa amachita chuku msanga, ndiye pozungulira mbale ya madzi muzionapo tsiku lililonse.

Chomwe chimandiwawa kwambiri ndi utuchi wa kwa akalipentala. Umapezeka mosavuta, nthawi zina waulere, ndipo tinauzolowera m'makola a nkhuku. Koma matabwa ambiri amene timagula, monga aja a ku Chikangawa, ndi a paini, ndipo fungo lokoma lija la paini, la mkungudza kapena la bulugama limachokera ku mafuta a mumtengomo. Inu mumalimva mukangotsegula chitseko, pamene njoka imalipuma moyo wake wonse m'bokosi lotsekedwa, mphuno zili mu utuchi momwemo. Njoka zambiri zimadalira phapo limodzi, ndipo sizitha kutsokomola kuti zichotse fumbi kapena mamina. Mukamva ikulira kakhweru popuma, kapena mukaona thovu kukamwa, zinthu zafika kale poipa. Komanso simungadziwe ngati matabwawo anawapaka mankhwala ophera chiswe. Utuchi wosadziwika mtengo wake usalowe m'khola.

Mchenga wokhawokha ndimaukanizanso kwa njoka ziwirizi. Umalowa m'mphuno ndi pansi pa mamba, ndipo ukamezedwa wambiri umatseka matumbo.

Amene mukufunitsitsa kuti m'khola muzioneka ngati pansi pa mtengo kunkhalango, njira ilipo, ndipo ndi imene imandisangalatsa. Mumasakaniza dothi lopanda feteleza, manyowa kapena mankhwala ndi mchenga pang'ono komanso makoko a kokonati, pamwamba n'kuwazapo masamba ouma. Masambawo muyambe mwawafutsa m'madzi owira n'kuwayanika, monga timachitira ndi mfutso, kuti tizilombo ndi mazira ake zife. Ena amaikamo dala tizilombo totchedwa springtails ndi isopods kuti tizidya chuku ndi zowola. Zimatheka, koma tizilomboti sitingamalize chimbudzi cha nsato yaikulu. Chimenecho mumachotsa nokha tsiku lomwe mwachiona, pamodzi ndi dothi lozungulira. Mukamaliza sambani m'manja ndi sopo, poti njoka zimanyamula majeremusi a Salmonella ngakhale zili bwinobwino.

Ngati mumatenthetsa khola ndi kamphasa kamagetsi koika kunsi, dziwani kuti zoyala zokhuthala zimatsekera kutentha pansi. Njoka ikafukula n'kukafika pagalasi lapansi pa khola imapsa mimba. Kamphasako kakhale ndi thermostat, kachipangizo koletsa kutentha kupyola muyezo, apo ayi kutentha kuzichokera kumwamba.

Njoka yongofika kumene isayambire pa zokongolazi. Iyalireni nyuzipepala kapena mapepala oyera opukutira m'khitchini kwa mwezi umodzi kapena kupitirira. Papepala loyera nthata za njoka, timadontho takuda toyenda ngati utitiri, zimaonekera msanga, pamene m'makoko zimabisala n'kuswana. Mumaonanso bwino ngati chimbudzi chili cholimba kapena chamadzi.

Nsato ya mayi aja inabwereranso papepala lomwelo. Tinatsuka zilonda, tinaipatsa mankhwala, mayiwo n'kumasintha pepala likangoda. Itafundula kachiwiri, mamba atsopano a kumimba anatuluka oyera, ndipo mpamene ndinawalola kubwezeramo makoko a kokonati, madzi akuthira m'makona mokha.