Pakati pa mlalang'amba si mdima wokhawokha

Kwa zaka ndakhala ndikumva, ngakhale kuno ku Ulongwe, kuti black hole, dzenje lakuda la mlengalenga lokoka zinthu mwamphamvu, imameza zonse, ndiye pakati pa mlalang'amba (gulu lalikulu la nyenyezi), pomwe dzenjelo limakhala, pali mdima bii. Zanditopetsa, chifukwa si zoona. Mpweya wozungulira dzenjelo umatentha kwambiri usanagweremo, moti m'milalang'amba ina umawala kuposa nyenyezi zonse za mmenemo. Chitsanzo ndi 3C 273, yomwe ndi pakati powala kwambiri pa mlalang'amba wina wakutali, ndipo inazindikirika mu 1963. Kuwalako kumakwera n'kutsika pa masiku, miyezi kapena zaka, ndipo kusintha msanga kumasonyeza kuti gwero lake ndi laling'ono.

Chonde musamatumizirane nkhani za mdimazi pafoni musanafufuze. Pezani zithunzi za telesikopu za malo amodzi koma madeti osiyana, muyerekeze kuwala kwa kadontho ka 3C 273 ndi kwa nyenyezi zoyandikana nako. Kuphethira komwe mumaona muli pakhonde usiku n'kwina, kumabwera ndi mpweya wa dziko lathu lino.