Wonga wa m'nyanga ndi chipolopolo cha m'bokosi

Mu Lilongwe muli anthu ochepa okhala ndi mfuti za chilolezo, alimi a m'maesiteti ndi eni mabizinesi ena, ndipo pakati pawo pali mkangano umene sutha. Ena amati zipolopolo n'zodula komanso zosowa, nanga bwanji osatengera anthu a ku America amene amatola zigoba zowombera kale n'kuzidzazanso okha kunyumba? Amati zipolopolo zotere zimalunjika kuposa za kufakitale. Ena akangomva zimenezi amapukusa mutu. Ine ndili kumbali ya opukusa mutuwo, ndipo chifukwa changa chili m'mbiri yathu yomwe.

Kudzaza mfuti ndi manja si nkhani yachilendo kuno. M'zaka za m'ma 1800 mfuti zinkalowa m'chigawo chapakati kudzera m'malonda a minyanga ndi akapolo, makamaka kudzera kwa Jumbe ku Nkhotakota. Mafumu ena a Achewa, monga Mwase wa ku Kasungu, anali nazo zambiri. Zinali za gogodela, zodzazira kukamwa. Mlenje ankapungula wonga m'nyanga n'kuthira pachikhatho, n'kuuyeza ndi diso. Akathira mumpope ankaikapo kansanza, kenako mtovu kapena kachitsulo kalikonse kamene wapeza, n'kutsindira ndi ndodo. Lero chikhatho chadzaza, mawa chaperewera. M'dzinja wonga unkakoka chinyezi n'kuyamba kuzengereza kuyaka. Ndiye mfuti imodzimodzi inkatha kugwetsa njati m'mawa, madzulo n'kungotulutsa utsi nguluwe ikudutsa. Ikadzazidwa mopyola muyezo inkang'ambikira mwini wake m'manja. Alenje akale sanali opusa ayi, luso anali nalo lalikulu, koma lusolo linali lophimba chilema cha chida chimene sichinkachita zofanana kawiri. N'chifukwa chake ankayandikira nyama kwambiri asanawombere.

Pamene makolo athu ankayeza wonga pachikhatho, ku Ulaya zinthu zinali zitasintha. Mu 1866 Edward Boxer wa ku Britain anatulukira kachipangizo koyatsira moto kamene kamakhala kumatako a chigoba, ndipo mtundu wake ndi umene umathandiza kuti chigoba chidzazidwenso mosavuta mpaka lero. Mu 1884 Paul Vieille wa ku France anapanga wonga wopanda utsi, wamphamvu kwambiri kuposa wonga wakuda wa gogodela uja. Pofika 1902 chipolopolo cha 9mm cha Georg Luger chinali chitatuluka, chomwechi chimene pistol zambiri zimadya masiku ano.

Atsamunda ankadziwa bwino kusiyana kwa zida ziwirizi. Pangano la ku Brussels la 1890 linaletsa kugulitsa mfuti zamakono ndi zipolopolo zake kwa anthu a m'dera lalikulu la Africa, kuphatikizapo kuno, koma linalola mfuti zakale ndi wonga wamba. Munthu wakuda asunge gogodela, mzungu asunge chipolopolo chodalirika. Mwase Kasungu anagonja mu 1895 ali ndi mfuti zake. Ndipo mu January 1915 anthu a John Chilembwe anakathyola sitolo ya Mandala ku Blantyre pofuna mfuti ndi zipolopolo zamakono zomwezo, koma anangopezako zochepa. Kuyambira nthawi imeneyo, aliyense wolamulira dziko lino wakhala akuwerenga zipolopolo monga awerengera mfuti.

Tsopano tibwere ku pistol. Anzanga okonda za ku America sanama akamati chipolopolo chodzaza kunyumba chikhoza kukhala chabwino. Chikhozadi. Koma amene amachita zimenezo kumeneko ali ndi sikelo yoyeza kachigawo kakang'ono ka galamu, mabuku a miyezo yoyesedwa m'malabotale, makina oyezera liwiro la chipolopolo, ndi masitolo ogulitsa wonga wodziwika mtundu wake. Kuli bungwe la SAAMI, lokhazikitsidwa mu 1926, limene limaika malire a mphamvu ya chipolopolo chilichonse. Ubwino wonse umene amatamawo umachokera pa zinthu zimenezi, osati pa manja okha.

Wonga wa m'chipolopolo cha 9mm sufika ngakhale theka la galamu. Uli ngati mchere wa m'ndiwo za mwana: kachidutswa kongowonjezera kasintha zonse. M'zigoba za mitundu ina wonga umatenga malo ochepa kotero kuti munthu akhoza kuthira kawiri osazindikira, mfuti n'kuphulika. Akaiwala kuthira, mutu wa chipolopolo umangokankhika pang'ono n'kutsakamira mumpope, ndipo chotsatira chimakawomba chinzakecho. Chigoba nachonso chimatopa chikadzazidwa kambirimbiri, chimayamba ming'alu pakamwa. Gogodela ankakhululuka pang'ono chifukwa wonga wakuda ndi wofatsa. Wonga wopanda utsi sukhululuka. Munthu wa kuno amene alibe zipangizo zimenezi, ngakhale atagwira pistol yatsopano, wabwerera ku chikhatho cha agogo ake, koma ndi wonga woopsa kwambiri.

Palinso lamulo. Firearms Act ya 1967 imatchula mfuti ndi zipolopolo pamodzi, ndipo chilolezo chimadzera kupolisi, amene likulu lawo lili ku Area 30 mumzinda uno. Ena amadandaula kuti ndondomekoyi ndi yolemetsa, ndipo mwina penapake akunena zoona. Koma anthu a Lilongwe ali ndi chifukwa choopera zida zosawerengeka. Nkhondo ya ku Mozambique, imene inatha mu 1992, inasiya mfuti za AK-47 zikudutsa malire a ku Dedza ndi Ntcheu mobisa. Mu December 1993 asilikali anachita Operation Bwezani yolanda zida a Malawi Young Pioneers, ndipo mfuti zinalira mkati mwa mzinda uno. Apayoniya ambiri anathawira ku Mozambique, ndipo m'zaka zotsatira umbava wa mfuti unakula. Pamene mayiko a SADC ankasaina pangano lawo loletsa kufala kwa mfuti ku Blantyre mu August 2001, analembamo zipolopolo pamutu penipeni pa panganolo. Chipolopolo cha kufakitale chili ndi chizindikiro kumatako, chili ndi bokosi, chili ndi wochigulitsa amene angafunsidwe. Chodzaza kuseri kwa nyumba palibe buku limene chimalowamo.

Kudzaza ndi manja kumene kwatsala m'dziko lino n'kwa gogodela yemwe uja. Alonda a zinyama amalandabe mfuti zoterezi kwa opha nyama mozemba ku Kasungu ndi ku Nkhotakota, zambiri zosula m'midzi ndi mipope wamba imene sinapangidwire moto. Ozinyamulawo ndi anthu osauka, ndipo mpope ukang'ambika amaopa kupita kuchipatala msanga chifukwa kumeneko akafunsidwa kumene balalo lachokera.