Kagalu ka Nipper musakapentenso chonde

Anthu ambiri akapeza chidole chakale cha Nipper, kagalu kaja ka pa chizindikiro cha malekodi a nyimbo a His Master's Voice, kopendeketsa mutu pa galamafoni, amaganiza kuti kukapenta koyera mbee ndiye kukweza mtengo. Ayi ndithu, apo mukuwononga. Otolera zinthuzi amafuna penti yoyambirira yomweyo olo itasuluka, chifukwa ndi imene imasonyeza kuti ndi chakaledi, cha m'mashopu ogulitsa magalamafoni a kampani ya Victor ku America, osati chopanga dzana. Galu weniweniyo anali wa ku Bristol, anafa mu 1895, ndipo wojambula zithunzi ndi penti Francis Barraud anadzamujambula galuyo atafa kale. Zidole zazikuluzikulu zambiri nzoumba ndi mapepala ndi guluu ndiye madzi osayerekeza, zimafewa n'kunyenyeka. Fumbi chotsani ndi kaburashi kofewa kouma, matani pong'aluka pokhapo, makutu akuda aja asiyeni momwe alili.