Mabandi a malipenga ndi magule a Johann Strauss: ubale unayambira pati?

Usiku wa pa 15 Febuluwale 1867, mu holo ya Dianasaal ku Vienna, kwaya ya amuna ya Wiener Männergesang-Verein inaimba koyamba nyimbo yotamanda mtsinje wa Danube, An der schönen blauen Donau, ija Angerezi amati The Blue Danube. Mwini nyimboyo, Johann Strauss wamng'ono, sanaime kutsogolo usiku umenewo. Anatsogolera ndi Rudolf Weinwurm, mphunzitsi wa kwayayo, ndipo amene anagwira zoimbira sanali anyamata a Strauss ayi, koma oimba a chisilikali a gulu la nkhondo la nambala 42, lotchedwa dzina la mfumu ya ku Hanover.

Mfundo imeneyi njofunika chifukwa mpaka lero, bandi ya zoimbira zouzira ikalengeza kuti ikonza madzulo olemekeza Strauss, pamapezeka ena okwinya nkhope, amvekere nyimbo za vayolini zalowa bwanji m'malipenga. Iwowa sanama kwenikweni, poti Strauss anali woimba vayolini ndipo ankatsogolera gulu lake ataimirira, vayolini ili paphewa. Koma oimba a chisilikali a ku Austria nthawi imeneyo ankaphunzira zonse ziwiri. M'holo ankagwira zoimbira za nsambo, ndipo akatuluka panja, kupaki kapena pa perete, ankanyamula ma clarinet ndi malipenga n'kuimba nyimbo zomwezo. Waltz ya ku Vienna, gule wovina awiriawiri mozungulira amene Strauss anatchuka naye, inakula ili ndi nyumba ziwiri.

Chizolowezi chosamutsira nyimbo ku zoimbira zouzira nchakale kuposa ma waltz a banja la Strauss. Mu 1782 mfumu Joseph II inakhazikitsa kagulu ka oimba asanu ndi atatu kotchedwa Harmonie: ma oboe awiri, ma clarinet awiri, ma horn awiri ndi ma bassoon awiri. Ntchito yawo yaikulu inali kuimba zidutswa za masewero a opera pamene mfumu ikudya. Mabanja olemera anatengera, ndipo panabadwa ntchito ya anthu olemba nyimbo za ena mwatsopano kuti zikwane pa zoimbira zimene zilipo. Vuto linali pa malipenga. Lipenga lakale linalibe mabatani, choncho linkatulutsa manoti ochepa chabe, ndipo silikanatha kunyamula nyimbo yokhotakhota ngati ya gule. Izi zinasintha Heinrich Stölzel ndi Friedrich Blühmel atalembetsa ku boma la Prussia luso la ma valve, mabatani osinthira manoti a lipenga, mu 1818. Ku Vienna, Leopold Uhlmann ndi Josef Riedl anakonza mitundu yawoyawo m'zaka za m'ma 1830, ndipo tuba inalembetsedwa ku Berlin mu 1835. Zaka zomwezo ndi zimene waltz inali kuchoka ku gule wa kumudzi wotchedwa Ländler n'kulowa m'maholo akuluakulu monga Sperl.

Amene anaikweza ndi anthu awiri, Joseph Lanner ndi Johann Strauss wamkulu, wobadwa mu 1804. Anayamba limodzi, Strauss akuimba viola m'kagulu ka Lanner, kenako anapatukana aliyense n'kukhala ndi gulu lake. Onse awiri anavalanso yunifomu: Strauss anali mtsogoleri wa bandi ya gulu loyamba la asilikali a mzinda, Lanner wa gulu lachiwiri. Lanner atamwalira mu 1843, mpando wake unapita, mu 1845, kwa mwana wa Strauss yemwe, amene bambo ake sankafuna n'komwe kuti akhale woimba. Mnyamatayo anali atayamba kale gulu lake pa 15 Okutobala 1844 ku Dommayer, m'dera la Hietzing, ali ndi zaka 18. Ndiye kuti pa zikondwerero za mzinda, bambo ndi mwana ankaima aliyense patsogolo pa bandi yake ya chisilikali, akupikisana. Pa chipwirikiti cha 1848 bambo anaima ndi mfumu n'kupeka Radetzky-Marsch, polemekeza kazembe wa nkhondo Radetzky, pamene mwana anakhala mbali ya oukira boma mpaka kufunsidwa ndi apolisi chifukwa choimba nyimbo ya ku France ya Marseillaise. Boma silinaiwale msanga. Udindo woyang'anira nyimbo za magule a kunyumba yachifumu anaupata mu 1863, patapita zaka 14 bambo ake atamwalira.

Nthawi imeneyo kunalibe wailesi kapena malekodi. Waltz yatsopano inkafika kwa anthu m'njira ziwiri: pepala la piyano logula kusitolo, ndi bandi ya asilikali yoimba pabwalo Lamulungu masana. Ufumu wa Austria unali waukulu, kuyambira ku Bohemia mpaka ku Galicia ndi m'mphepete mwa nyanja ya Adriatic, ndipo kulikonse kumene kunali kampu, kunali bandi. Munthu wa m'tauni yaing'ono amene sanapondepo ku Vienna ankamva Strauss koyamba kuchokera m'kamwa mwa lipenga. Ngakhale ulendo waukulu wa Strauss wamng'ono wa ku America, mu 1872, unakonzedwa ndi munthu wa bandi, Patrick Gilmore, amene anaitanira ku Boston mabandi a chisilikali a ku Britain, France ndi Prussia pa chikondwerero cha mtendere, n'kumuika Strauss patsogolo pa khamu la oimba. Ndipo amene anadzatenga ndodo pambuyo pake ambiri anali atsogoleri a mabandi a asilikali. Carl Michael Ziehrer anatsogolera bandi ya Hoch- und Deutschmeister kuyambira mu 1885, ndipo Franz Lehár anayamba ntchito yomweyo mu 1890 ali ndi zaka 20, asanapeke waltz yake ya Gold und Silber mu 1902.

Johann wamng'ono anamwalira pa 3 Juni 1899. Mng'ono wake Eduard anathetsa gulu la banjalo ku New York mu 1901, ndipo mu 1907 anachita chinthu chimene oimba amachilirabe: anatenga mapepala a nyimbo amene gululo linasonkhanitsa kwa zaka zambiri n'kukawaotcha m'ng'anjo ya fakitale ina ku Vienna. Zambiri zosonyeza momwe banjali linkakonzera ndi kuimbira nyimbo zinapita ndi utsi. Ufumu nawo unatha mu 1918, koma chizolowezi cha mabandi chinatsalira m'midzi. Lero ku Austria kuli mabandi a malipenga oposa 2,000, ambiri mwa iwo a anthu wamba oimba akaweruka kuntchito, ndipo mu 2025, pokumbukira zaka 200 chibadwire Strauss, nyimbo zake zinali paliponse.

Komabe mbiri yabwino siyiimba nyimbo. Waltz ya Strauss ndi imodzi mwa nyimbo zimene bandi imagwa nazo msanga, ndipo zifukwa zake nzodziwika.

Tiyambe ndi kamangidwe. Waltz yathunthu imakhala ndi mawu oyamba odekha, kenako timawaltz tinayi kapena tisanu totsatizana ngati mikanda, kalikonse kokhala ndi zigawo ziwiri, kawirikawiri za ma bar (timagawo tofanana ta kugunda kwa nyimbo) 16 obwereza, ndiye pomaliza pali coda imene imakumbutsa zokoma zonse zadutsa. Ya Danube ili ndi tisanu, ndipo ikaimbidwa yonse imatenga mphindi pafupifupi khumi. Kwa woimba vayolini, mphindi khumi si kanthu. Kwa woimba clarinet, amene pa bandi ndiye amatenga ntchito ya vayolini, ndi ulendo wautali, chifukwa uta wa vayolini supuma koma mapapo amapuma. Wokonza wanzeru amagawa: ma clarinet aimbe koyamba, pobwereza atenge ma flügelhorn kapena ma saxophone. Pamene mzere uli wautali, oimba awiri owerenga pepala limodzi amalemba ndi pensulo malo osiyana opumira, kuti wina akamakoka mpweya mnzake akhale akugwirabe noti. Akapuma onse pamodzi, nyimbo imaboola dzenje pakati pa chiganizo. Bandi ya anthu 50 imafunika ma clarinet khumi kapena khumi ndi awiri, apo ayi malipenga amawakwirira.

Kenako pali nkhani ya kiyi, kutanthauza noti imene nyimbo yakhazikikapo. Strauss ankakonda makiyi amene vayolini imalira bwino, monga D ndi A. Waltz ya Danube ili mu D. Koma clarinet ndi lipenga za B flat zimawerenga noti imodzi pamwamba, choncho kwa izo nyimboyi imagwera mu E, wa ma sharp anayi, pamene alto saxophone imagwera mu B, wa ma sharp asanu. Zala zimapindika, ndipo manoti ambiri amatuluka osalunjika. Nchifukwa chake okonza ena amaikweza theka la noti kupita ku E flat: clarinet imatsala ndi flat imodzi, alto saxophone yopanda chizindikiro chilichonse. Phindu lake ndi lomveka, koma mtengo ulipo. Pamwamba, pamene vayolini inkafika mosavuta, tsopano pamatsalira piccolo ndi ka clarinet kakang'ono ka E flat, ndipo ziwirizi zikasemphana pang'ono chabe, makutu a omvera amalira. Pamzere wapamwamba wotero piccolo imodzi njokwanira.

Koma mtima wa nkhani yonse uli pansi, pa kuperekeza. Bar iliyonse ya waltz ili ndi kugunda katatu. M'gulu la nsambo, ma bass amagwira koyamba, ndipo mavayolini achiwiri ndi ma viola amayankha kachiwiri ndi kachitatu. Pa bandi, koyamba nkwa tuba, kwinako nkwa ma horn. Tuba ndi chitoliro cha mamita angapo chopindapinda, ndipo mawu ake amachedwa kutuluka. Woimba akadikira kuti aone dzanja la wotsogolera lafika pansi, ndiye kuti wachedwa kale, ndipo gule yense amakhala ngati akukoka mwendo m'matope. Ayenera kuyamba mpweya kamphindi dzanja lisanafike, aimbe noti yaifupi, pafupifupi theka la utali umene walembedwa, n'kuisiya ilire yokha. Pamalo odekha tuba imodzi njokwanira, ndipo bandi imene ili ndi double bass yodulira nsambo ndi chala yapeza kale theka la yankho.

Ma horn ndiwo asunga chinsinsi cha ku Vienna. Kumeneko kugunda kwachiwiri sikugwa pakati penipeni: kumafulumira pang'ono, ngati mwendo wa wovina ukutereraka pozungulira, ndipo kwachitatu kumadikira pang'ono kuti bar ikwane. Izi sizilembedwa papepala. Pa liwiro lovinira, ma bar pafupifupi 60 pa mphindi, bar imodzi ndi sekondi imodzi, choncho kufulumirako ndi kachigawo kakang'ono zedi ka sekondi. Mabandi amalakwa mbali zonse ziwiri. Ena amagunda katatu konse mofanana, mwamphamvu, waltz n'kusanduka perete ya miyendo itatu. Ena amamva kuti ku Vienna amafulumiza, ndiye amachita mopyola pa bar iliyonse mpaka nyimbo kutsimphina. Choyenera n'kuchita pamene nyimbo yapamwamba yagwira noti yaitali ndipo kuperekeza kuli pambalambanda. Pamene nyimbo ikuthamanga ndi manoti ang'onoang'ono, kugunda kukhale kowongoka, apo ayi apamwamba ndi apansi asemphana. Wotsogolera amenye kamodzi pa bar, osati katatu. Ndipo poyeserera nkothandiza kwambiri kukhazika pansi onse oimba nyimbo yapamwamba, tuba ndi ma horn okha aimbe ma bar 32 mpaka munthu atamva kuti angathe kuvina popanda china chilichonse.

Woimba ng'oma yaing'ono asamale: nyimbo izi si za pa perete, ndipo ndodo zikalemera pang'ono zimaphimba ma horn.

Pali zina zimene mpweya sungathe kutsanzira bwino. Chiyambi cha Danube ndi mavayolini akunjenjemera chapansipansi, horn imodzi n'kutulukira ndi do, mi, so. Clarinet ilibe uta woti injenjemeretse. Okonza amalemba kuti ena asinthanesinthane manoti awiri mofulumira pamene ena agwira noti yaitali mwakachetechete, ndipo izi zimatheka pokhapokha oimba atakhala ochepa. Ngozi ina ndi kuzizira: choimbira chouzira chikazizira chimatsika mawu, chikatentha chimakwera, choncho woimba horn amene wakhala chete kwa kanthawi aziuziramo mpweya wofunda mosatulutsa mawu asanalowe. Mu Geschichten aus dem Wienerwald ya 1868 muli gawo la zither, choimbira cha nsambo zambiri chogonekedwa patebulo, chapachibale ndi bangwe. Ngati woimba zither angapezeke, aitanidwe, chifukwa palibe chitoliro chingamveke chimodzimodzi. Koma Pizzicato-Polka, imene Johann anapeka ndi mng'ono wake Josef ku Pavlovsk mu 1869, yonse ndi yodulira nsambo ndi zala, ndipo kunena zoona bandi ingachite bwino kuisiyira eni ake.

Zina zimakhala ngati zinabadwira pa bandi. Polka (gule wothamanga wa kugunda kawiri) ya Unter Donner und Blitz ya 1868, yonena za mabingu ndi mphezi, imadalira ng'oma yaikulu ndi zinganga. Kaiser-Walzer, imene inaimbidwa koyamba ku Berlin mu Okutobala 1889, imayamba ndi kuguba kwachete, ili mu C amene savuta, ndipo cello imene imaimba yokha chakumapeto imakwana bwino pa euphonium, lipenga looneka ngati tuba yaing'ono. Pokonza pulogalamu, ma waltz aatali asapitirire awiri pa theka lililonse, ndipo pakati pawo paikidwe ma polka afupiafupi kuti milomo ipume.

Ambiri amamalizira ndi Radetzky-Marsch, potsatira mwambo wa konsati ya Chaka Chatsopano ya gulu la oimba la Vienna Philharmonic, imene inayamba pa 31 Disembala 1939 pansi pa Clemens Krauss, Austria ili m'manja mwa chipani cha Nazi. Nyimboyi ndi ya bambo, osati ya mwana, ndipo pulogalamu ilembe choncho. Omvera amaomba m'manja motsatira kugunda, ndipo khamu likamaomba limakonda kuthamanga. Wotsogolera atembenukire kwa anthu, awasonyeze poomba pang'onopang'ono, poomba mwamphamvu ndi posiya, pamene kumbuyo kwake tuba ndi ng'oma yaikulu zikugwira liwiro.